Akatswiri akakumana m'bandi imodzi: supergroup n'chiyani, nanga chimbale chawo choyamba chimavutiranji?

Mu February 2024, pa mwambo wopereka mphoto za Grammy ku Los Angeles, bandi ya amayi atatu yotchedwa boygenius inatenga mphoto zitatu, ziwiri mwa izo za chamba cha rock. Nkhani zinkati apambana ndi chimbale chawo choyamba, chomwe chinatuluka mu March 2023. Apa m'pamene ena mutu unaima. Julien Baker, Phoebe Bridgers ndi Lucy Dacus sanali alendo pa zoimba. Aliyense anali ndi zimbale zakezake kale, komanso omutsatira akeake. Ndiye "choyamba" chake n'chiti? Kuonjezera apo, m'masiku omwewo kunamveka kuti atatuwa ayamba apumula kaye, aliyense abwerera ku ntchito yake. Bandi yangopambana kumene, basi ikupita kukagona?

Kwa amene amatsatira mbiri ya rock, izi si zachilendo. Zakhala zikuchitika chonchi kuyambira m'ma 1960, ndipo magulu otere ali ndi dzina lawo.

Mawuwa amatanthauzanji

Supergroup ndi bandi yomwe mamembala ake anatchuka kale kwina asanakumane, kaya m'mabandi ena kaya poimba paokha. Akakumana amatenga dzina latsopano, n'kulemba nyimbo zatsopano, ndipo chimbale chomwe atulutse koyamba pansi pa dzinalo ndicho chimatchedwa choyamba, ngakhale mwini gitala atakhala kuti wajambulapo zimbale khumi m'moyo wake.

Wina angafunse kuti kodi si kolabo yomweyi yomwe timaiona tsiku ndi tsiku? Ayi. Pa kolabo oimba awiri amagawana nyimbo imodzi, aliyense dzina lake likuonekera, kenako amasiyana. Supergroup ndi banja latsopano. Pamakhala dzina limodzi, thumba limodzi la ndalama, maulendo okaimba limodzi, ndipo nthawi zambiri wina amayenera kusiya bandi yake yakale kapena kuiika pambali.

Chitsanzo chapafupi ndi timu ya dziko. Mphunzitsi wa Flames akatenga osewera ku Bullets, ku Wanderers ndi ku Silver Strikers, aliyense amabwera ali katswiri kukalabu kwake, koma kupatsirana mpira kumafuna kuzolowerana, ndipo masiku a kukampu amakhala ochepa. Kufanana kwake kumathera pomwepa. Timu ya dziko ili ndi mphunzitsi yemwe akanena kuti iwe ukhala pabenchi, nkhani yatha. Mu supergroup mulibe woteroyo. Aliyense anazolowera kukhala mfumu kumene akuchokera.

Gulu lomwe ambiri amalitchula kuti ndilo loyamba la mtunduwu ndi Cream ya ku England, yomwe inayamba mu 1966. Munali Eric Clapton pa gitala, yemwe anadutsa ku Yardbirds ndi ku bandi ya John Mayall, komanso Jack Bruce pa bezi ndi Ginger Baker pa ng'oma, omwe anaimbira limodzi m'bandi ya Graham Bond. Dzina lokhalo linali lodzitama: mafuta okoma aja amayandama pamwamba pa mkaka. Bruce ndi Baker ankadana kuyambira kale, ndipo pofika November 1968 Cream inatsanzika ku Royal Albert Hall mu London.

Zinthu zimayenda chambuyo

Kuti timvetse vuto la chimbale choyamba cha gulu lotere, tiyambe taona mmene bandi wamba imakulira. Anyamata amayamba kuimba m'mabala ndi m'maholo ang'onoang'ono, anthu makumi awiri akuwaonera. Nyimbo yosakoma amaiona pankhope za anthu n'kuitaya. Yokoma amaiimba kambirimbiri mpaka woimba ng'oma amadziwa pomwe mnzake wa bezi apumire asanapume n'komwe. Akamalowa mu situdiyo, chimbale chawo choyamba chimakhala zokolola za zaka zambiri, ndipo palibe amene akuwathamangitsa chifukwa palibe akuwadziwa.

Ku supergroup zonsezi zimatembenuzika. Kutchuka kumabwera koyamba, nyimbo pambuyo. Manyuzipepala amalengeza, okonza mashoo amasungitsa mabwalo, matikiti amayamba kugulidwa, pamene oimbawo sanagwirizane n'komwe kuti aziimba zotani. Zili ngati mlimi wogulitsa chimanga chidakali chosakhwima m'munda: ndalama walandira, koma tsopano mwini ndalama ndiye akunena tsiku lokolola.

Palibe nkhani yomwe imaonetsa zimenezi bwino kuposa ya Blind Faith, bandi yomwe Clapton anayambitsa ndi anzake Cream itatha.

Miyezi yochepa ya Blind Faith

Cream itatha, Clapton anali wotopa ndi phokoso komanso mpikisano wa pasiteji, pomwe aliyense ankafuna kumveka kuposa mnzake. Anali atamva chimbale choyamba cha bandi yotchedwa The Band cha mu 1968, cha nyimbo zofatsa zomwe oimba amamverana, ndipo ankalakalaka zotere. Kumayambiriro kwa 1969 anayamba kuimba mocheza ndi Steve Winwood, mnyamata wa mawu amphamvu komanso katswiri pa ogani, yemwe anayamba kuimba ndi Spencer Davis Group ali ndi zaka 14 ndipo bandi yake ya Traffic inali itaima. Panalibe dzina, panalibe pulani. Anali anthu awiri ofuna kuona ngati pangatuluke kanthu.

Kenako Ginger Baker anatulukira. Clapton sanasangalale nazo kwenikweni, poti zinaoneka ngati Cream yomwe anaithawa ija yamulondola, koma Winwood anaona kuti woimba ng'oma ngati Baker sapezeka wambawamba, ndipo analowa. Mu May anatenga Ric Grech woimba bezi ndi vayolini, yemwe anasiya bandi yake ya Family ili pakati pa ulendo ku America.

Nkhani itangomveka kuti anthu awiri a Cream ali pamodzi ndi Winwood, zinthu zinachoka m'manja mwa oimba. Clapton ndi Baker anali pansi pa manejala Robert Stigwood, pomwe Winwood anali wa Chris Blackwell, mwini Island Records. Ulendo wa ku America unakonzedwa, ndipo chimbale chinayenera kutha msanga. Anajambula ku masitudiyo a Morgan ndi Olympic mu London, ndipo prodyusa Jimmy Miller ndi amene anaitanidwa kuti amange ntchito yomwe inkangomwazika.

Pa 7 June 1969 anaimba koyamba pagulu. Bandi wamba shoo yoyamba imachitira m'kabala. Iwowa anachitira ku Hyde Park, polowa ulere, pamaso pa anthu pafupifupi 100,000, chimbale chisanatuluke ndipo khamulo lisanamveko nyimbo zawo zatsopano ndi imodzi yomwe. Winwood anali ndi zaka 21. Clapton anaima cha kumbuyo, ndipo pambuyo pake sanabise kuti sanakhutire ndi mmene anaimbira, ngakhale anthu ankakuwa ndi chisangalalo. Kwa iye chimenecho ndicho chinali chodetsa nkhawa: anthu ankaombera m'manja mayina, osati nyimbo.

Chimbale chinatuluka mu August chaka chomwecho, ndipo chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi ku America komwe. Chithunzi cha pachikuto chinakhumudwitsa anthu ambiri moti ku America anatulutsanso china chokhala ndi nkhope za oimbawo, koma ifeyo tione za m'kati.

Masiku amenewo nyimbo zinkatuluka pa mbale zakuda za galamafoni, zija zinatipatsa mawu oti chimbale, ndipo mbali iliyonse inkanyamula mphindi pafupifupi 20. Chimbale cha Blind Faith chili ndi nyimbo 6 zokha. Zitatu analemba Winwood, imodzi Clapton, imodzi Baker, ndipo inayo anabwereka kwa malemu Buddy Holly. Mbali yoyamba ili ndi nyimbo zinayi, ndipo apa m'pamene pali ziwiri zomwe zakhala zikuimbidwa mpaka lero, "Can't Find My Way Home" ya Winwood ndi "Presence of the Lord" ya Clapton. Yoyambayo ndi yofatsa, ya magitala osalumikiza ku magetsi, Baker akugunda mopepuka ngati munthu wosafuna kudzutsa mwana. Ukaimva umaona bandi yomwe Clapton ankailota ija.

Ukatembenuza mbale umapeza nyimbo ziwiri basi. Yomaliza, ya Baker, ndi ya mphindi 15, ndipo kugunda kwake kumawerengedwa kasanukasanu m'malo mwa kanayikanayi komwe makutu ambiri anazolowera. M'kati mwake aliyense amapatsidwa mpata wodzionetsa yekha, ogani, gitala, bezi, kenako ng'oma kwa nthawi yaitali. Ena amaikonda, amati ndi ufulu wa akatswiri. Ena amati inali njira yodzazira mbale chifukwa nyimbo zinatha. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi.

Kuchepa kwa nyimboku kunawatsatira ku America, komwe ulendo unayambira ku Madison Square Garden mu New York pa 12 July. Zomwe anali nazo sizinkakwana shoo yathunthu, ndiye ankadzazira ndi nyimbo za Cream ndi za Traffic, zomwe khamu linkazifuna kwambiri kuposa zatsopanozo. M'mashoo ena munkabuka zipolowe pakati pa oonera ndi apolisi. Clapton anayamba kuthera nthawi yake ndi Delaney & Bonnie, bandi yomwe inkaimba iwo asanakwere pasiteji, ndipo mtima wake unasamukira kumeneko. Ulendo unathera ku Hawaii kumapeto kwa August, ndipo anayiwo sanajambulenso chimbale china. Akulu anati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Iyi sinakwanitse ndi chaka chomwe.

Nkhondo ya mapepala

Mbali yomwe omvera saiona ndi ya makontrakiti, koma nthawi zambiri ndi yomwe imalamula ngati chimbale chituluke. Woimba wotchuka amakhala womangidwa ndi kampani yomwe inamulipira kuti nyimbo zake zizitulukira kwa iyo yokha. Mukasonkhanitsa otchuka anayi, mwasonkhanitsanso makampani, mamanejala ndi maloya awo, ndipo aliyense akufuna gawo.

Chaka chomwecho cha 1969 ku America, David Crosby wochokera ku Byrds, Stephen Stills wa ku Buffalo Springfield ndi Graham Nash wa ku Hollies anapeza kuti mawu awo atatu akaphatikizana amatulutsa chinthu chachilendo. Koma Stills anali wa Atlantic, pomwe Nash anali womangidwa ku Epic, nthambi ya Columbia. Zinatheka pokhapokha makampani awiriwa atasinthana anthu ngati mmene makalabu a mpira amachitira: Atlantic inamasula Richie Furay ndi bandi yake ya Poco kupita ku Epic, Epic n'kumasula Nash. Amene anayendetsa zokambiranazo anali David Geffen, pa nthawiyo akadali mnyamata. Chimbale cha Crosby, Stills & Nash chinatuluka mu May 1969, ndipo chaka chotsatira akuluakulu atatuwa analandira Grammy ya oimba atsopano. Chisokonezo cha mawu oti "choyamba" chija si cha lero.

Patapita zaka zoposa 30 nkhani inali yomweyo. Chris Cornell wa ku Soundgarden atagwirizana ndi Tom Morello, Tim Commerford ndi Brad Wilk a ku Rage Against the Machine, mbali iliyonse inabwera ndi mamanejala ake, ndipo mkangano wa mamanejalawo unachititsa Cornell kutuluka kwa kanthawi chimbale chisanatuluke. Nyimbo zosamaliza zinatayikiranso pa intaneti. Mavutowa anatha pamene onse anayi anakhala pansi pa oyang'anira amodzi, ndipo chimbale cha Audioslave chinatuluka mu November 2002 kudzera m'makampani awiri, Epic ndi Interscope, chifukwa iliyonse inali ndi munthu wake m'bandimo.

Palinso ndalama za wolemba nyimbo. Nyimbo ikaseweredwa pa wailesi kapena pagulu, gawo lina la ndalama limapita kwa amene anailemba, ndipo mabungwe ngati COSOMA ku Malawi ndi omwe amatolera ndalama zotere. M'bandi wamba olemba amakhala mmodzi kapena awiri, enawo amavomereza. Mu supergroup mwina onse ndi olemba, ndiye funso loti nyimbo ya ndani ilowe m'chimbale silikhala la luso lokha. Ndi funso la m'thumba komanso la ulemu. Magulu ena amathawa mkanganowu polemba kuti nyimbo zonse ndi za bandi yonse.

Ndani aimbe, ndani akhale chete

Nyimbo ya rock ili ngati nyumba. Ng'oma ndi bezi ndizo maziko, gitala ndi ogani ndi makoma, mawu ndi denga. Maziko abwino saoneka, amangonyamula. Vuto la akatswiri n'loti ambiri anatchuka chifukwa choonekera, ndipo kuuza munthu wotere kuti pano ingogunda mofatsa kwa mphindi zinayi n'kumupempha chinthu chomwe anasiya kalekale. Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi.

N'chifukwa chake magulu omwe amabwera ndi maziko omangidwa kale amamveka okhwima msanga. Ku Audioslave anthu atatu anali ataimbira limodzi zaka pafupifupi khumi, chatsopano chinali mawu okha. Velvet Revolver, yomwe chimbale chake choyamba chinalowa pa nambala 1 ku America mu June 2004, inali ndi Slash, Duff McKagan ndi Matt Sorum ochokera ku Guns N' Roses, n'kuonjezerapo Dave Kushner ndi woimba Scott Weiland wa ku Stone Temple Pilots. Koma apanso pali msampha wake, chifukwa omvera amayamba kufunsa ngati iyi ndi bandi yatsopanodi kapena yakale ija yangosintha chipewa.

Amene anapeza njira ina yachilendo ndi Traveling Wilburys. Mu 1988 George Harrison, wa ku Beatles uja, ankafuna nyimbo imodzi yodzazira kuseri kwa mbale yake yaing'ono. Jeff Lynne ndi Roy Orbison anali naye pa chakudya, situdiyo yomwe inapezeka inali ya kunyumba kwa Bob Dylan ku Malibu, ndipo gitala la Harrison linali kwa Tom Petty, moti Harrison atapita kukalitenga anabwera ndi Petty yemwe. Kampani itamva nyimboyo inati ndi yabwino kwambiri moti singatayidwe kuseri kwa mbale. Asanuwa anakumananso kwa masiku pafupifupi khumi ku nyumba ya woimba mnzawo Dave Stewart ku Los Angeles, atakhala mozungulira ndi magitala, akuponyerana mizere ya nyimbo ndi kupatsana mpata woimba.

Chomwe anachita mwanzeru n'kubisa mayina. Pachikuto sanalembe Dylan kapena Harrison. Anadzitcha abale a bambo mmodzi, aliyense ndi dzina lopeka lothera ndi Wilbury. Aliyense ankadziwa kuti ndi ndani, koma nthabwalayo inachotsa katundu pamapewa awo. Sanakonzenso ulendo wokaimba, ndiye panalibe mwini bwalo wowathamangitsa. Chimbale chinatuluka mu October 1988 n'kudzapata Grammy. Orbison anamwalira mu December chaka chomwecho, patangopita milungu yochepa chitatuluka.

Ndi luso kapena ndi malonda?

Pa funsoli anthu amagawikana, ndipo mbali zonse zili ndi umboni.

Okayikira amati supergroup ndi nzeru ya makampani. Kukweza bandi yosadziwika kumadya ndalama ndi zaka, pomwe mayina anayi odziwika amabwera ndi ogula awo kale. Amaloza ku Asia, yomwe munali John Wetton wa ku King Crimson, Steve Howe ndi Geoff Downes a ku Yes, ndi Carl Palmer wa ku Emerson, Lake & Palmer. Anthu amenewa ankadziwika ndi nyimbo zazitali zovuta kuimba, koma chimbale chawo choyamba cha mu 1982, chomwe chinatulukira ku kampani ya Geffen yemwe uja, chinali cha nyimbo zazifupi zokomera wailesi. Chinakhala pa nambala 1 ku America kwa milungu 9, ndipo magazini ya Billboard inachiika pamwamba pa zimbale zonse za chaka chimenecho. Otsatira awo akale ena anati agulitsa luso. Ogula mamiliyoni sanaone vuto.

Oikira kumbuyo amati oimba nawonso ndi anthu, amatopa ndi anzawo a tsiku ndi tsiku ndipo amasirira luso la ena. Dave Grohl, yemwe ku Foo Fighters amaimba kutsogolo, anabwerera pa ng'oma mu Them Crooked Vultures kuti aimbe ndi Josh Homme wa ku Queens of the Stone Age komanso John Paul Jones wa ku Led Zeppelin, bandi yomwe anakula akuimvera. Anatulutsa chimbale chimodzi mu November 2009, aliyense n'kubwerera kwawo popanda mkangano. Amatinso si zoona kuti magulu otere onse amafa msanga. Bad Company, ya anthu ochokera ku Free, Mott the Hoople ndi King Crimson, inafika pa nambala 1 ku America ndi chimbale choyamba mu 1974 ndipo inapitiriza kwa zaka zambiri. Emerson, Lake & Palmer nayo inakhalitsa.

Ngakhale mawu enieniwo ali ndi mkangano. Kodi munthu atchuke kufika pati kuti bandi yake itchedwe supergroup? Ric Grech sankadziwika kwambiri kunja kwa Britain pomwe ankalowa Blind Faith. Oimba ambiri sakonda kutchedwa choncho, chifukwa dzinalo limalonjeza omvera zinthu zomwe nyimbo iliyonse singakwanitse. Munthu akamva kuti muli uje ndi uje, m'mutu mwake amaphatikiza zabwino zonse za mabandi awo akale n'kuyembekeza zoposa pamenepo, pomwe chomwe chatuluka mu situdiyo ndi ntchito ya anthu omwe angoyamba kudziwana.

Kwa womvera, chothandiza n'kuona zinthu zingapo pachikuto kapena pa mndandanda wa nyimbo. Olemba ndi angati? Nyimbo zobwereka ndi zingati? Kodi pali nyimbo yomwe siikanatheka m'bandi yakale ya aliyense wa iwo? Ikapezeka yotereyo, ndiye kuti kukumanako kunabala kanthu.

Kumene anayi aja analowera

Blind Faith itamwazika, Baker anayambitsa Ginger Baker's Air Force, momwe Winwood ndi Grech anaimbamo kwa kanthawi. Winwood anadzutsanso Traffic mu 1970. Clapton anatsatira Delaney & Bonnie, kenako anatenga oimba ena a m'bandi yawoyo n'kupanga Derek and the Dominos, dzina lomwe linamuthandiza kubisala monga anadzachitira a Wilbury pambuyo pake.

Baker, yemwe ankakonda ng'oma za ku Africa kuyambira ali mnyamata, anasamukira ku Lagos ku Nigeria komwe anamanga situdiyo, ndipo mu 1971 kunatuluka chimbale chomwe anajambula ndi Fela Kuti ndi bandi yake ya Africa 70. Zaka zomwezo ku Zambia anyamata omwe anakula akumvera magitala a Cream ndi Jimi Hendrix ankapanga chamba chawochawo cha Zamrock, m'mabandi ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family. Atakalamba Baker anakhala zaka zingapo ku Tulbagh ku South Africa, ndipo anamwalira ku England mu October 2019. Grech anamwalira mu 1990.

Mu February 2008 Clapton ndi Winwood anabwerera ku Madison Square Garden, bwalo lomwe ulendo wovuta uja unayambira, n'kuimbako masiku atatu. Panalibe dzina la bandi, panali mayina awo awiri basi. Nyimbo yomwe anatsegulira ndi yomwe imatsegula chimbale cha mu 1969 chija.